Filimu kapena digito? Mkangano wa pa gulu la ojambula zithunzi

Tiyamike (Zomba): Moni nonse akuluakulu. Ndalowa pa gulu lino posachedwapa, ndiye mundikhululukire ngati nkhaniyi munaikambapo kale. Mnzanga wina akugulitsa kamera ya filimu, Pentax K1000, pamodzi ndi lenzi yake ya 50mm. Ine ndimajambula ndi foni basi, koma ndikufuna ndiphunzire ntchitoyi bwinobwino. Ndiyambire pa filimuyi, kapena ndisunge kaye ndalama ndidzagule ya digito ngakhale yogwirapo kale ntchito?

Chifundo wa Maukwati (Lilongwe): Achemwali, sungani ndalama. Basi.

Mwai ku Joni: Kkkk a Chifundo, mwana wangofunsa kumene inu mwatseka kale chitseko.

Chifundo wa Maukwati (Lilongwe): Si nkhanza ayi, ndi masamu. Filimu ya 35mm imatulutsa zithunzi 36, ina 24. Tiyerekeze ukwati umodzi, kuyambira kosaluni kwa mkwatibwi mpaka perekaniperekani, munthu wajambula zithunzi 1,500. Gawani ndi 36, akukwana mafilimu 42. Iliyonse muigule, muitsukitse, muisikanitse. Ndipo mukaitsukitsa kuti? Masitudiyo ambiri amene ankatsuka filimu anasiya kalekale, lero amangopulinta za pa foni ndi za pa memori khadi. Filimuyo siipangidwa kuno, mankhwala ake sapangidwa kuno, zonse ndi za madola. Chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, ngakhale batire la kamera ndimaganiza kawiri ndisanagule. Digito mukagula mwagula, chithunzi cha 10,000 chimakudyerani magetsi otchajira okha.

Mwai ku Joni: Koma Tiyamike sananene kuti akufuna kujambula ukwati wa munthu Loweruka lino. Wanena kuti akufuna kuphunzira. Ndipo zithunzi 1,500 zanuzo, zimene mkwati amaziona kawiri ndi zingati?

Agogo a Yashica (Ntcheu): Ana anga, mwandikumbutsa kutali. Ndilembe pang'onopang'ono, zala zanga pa foni sizithamanga.

Ine ndinadya ndalama ya filimu zaka zambiri, pa njinga ya Humber, kamera pakhosi. Tsiku la ndalama linali Lamulungu anthu akatuluka m'tchalitchi, chifukwa ndi pomwe aliyense wavala zochapa. Wina aima pafupi ndi maluwa a kwa abusa, wina wabwereka wailesi kuti aigwire m'manja, mnyamata watsamira njinga ya eni ake ngati yake. Amapereka theka la ndalama, ine ndilemba dzina m'kabuku ndi nambala ya chithunzi. Ndiye adikire kuti filimu idzaze, ndikwere basi kupita ku Blantyre kukatsukitsa. Masabata awiri, nthawi zina atatu.

Munthu mmodzi, chithunzi chimodzi. Akaphethira, ndaluza ndine. Ndiye ndisanadine ndimayang'ana zonse: kolala yakhala bwino, kumbuyoko kulibe chimbudzi, dzuwa silikumulasa m'maso, mwana wasiya kulira. Ndimamulankhulitsa kaye mpaka mapewa atsike. Poika filimu ndinkabisala pamthunzi n'kukoka kamchira kake pang'ono kwambiri, kuti m'malo mwa 36 nditulutse 37 kapena 38. Ziwiri zapamwambazo ndiye inali ndalama yanga ya tiyi.

Achinyamata a lero ndimawaona pa maukwati, chala chili pa batani ngati chamatidwa. Akujambula asanaone.

Chifundo wa Maukwati (Lilongwe): Ulemu wanu agogo. Koma si inu nomwe munkabwera patatha mwezi n'kutiuza kuti "zithunzi zinapsa"? Kkkk. Mayi anga mpaka lero amadandaula chithunzi cha ubatizo wanga, ndipo theka la ndalama lija silinabwerere.

Agogo a Yashica (Ntcheu): Amenewo anali ena, mwana wanga. Analipo ena oyenda ndi kamera yopanda filimu m'kati, kumangothwanimitsa fulashi. Koma kupsa kwenikweni kunaliponso. Wina atsegula chitseko cha kamera asanabweze filimu m'kachitini kake, kuwala kwalowa, ntchito ya mwezi yapita. Kapena kamchira sikanagwire bwino, iwe ukudina n'kumapukusa tsiku lonse, koma filimu ili duu pamalo amodzi. Wodziwa ntchito amayang'ana kachitsulo kobwezera filimu kumanzere kuja: ukapukusa n'kuona kuti nakonso kakuzungulira, ndiye kuti filimu ikuyenda.

Aphunzitsi a Sayansi (Mzuzu): Ndiloleni ndiikepo za m'kalasi, kuti tikamakangana tizidziwa chomwe tikukanganira. Pa filimu pamakhala timibulu ta siliva tosakanizidwa ndi bromide, tomatidwa ndi gelatin. Kuwala kukatigunda timasintha mosaoneka ndi maso, ndipo developer ndi amene amatidetsa kuti chithunzi chioneke. Fixer amachotsa timibulu tomwe kuwala sikunatikhudze, kuti negetivu isadzadenso ikatuluka poyera. Mu digito muli sensa, timabokosi mamiliyoni tondandalikidwa bwino, kalikonse kamasandutsa kuwala kukhala magetsi, magetsiwo n'kukhala nambala.

Kusiyana kwenikweni kuli pa zomwe zimachitika kuwala kukachuluka. Kabokosi ka sensa kakadzaza kadzaza, kamangolemba kuti "zoyera", ndipo palibe pulogalamu ingabweze zomwe zinali pamenepo. Filimu ya negetivu imakhuta pang'onopang'ono, ndiye diresi loyera pa dzuwa la Okutobala limasungabe maluko ake. Ku mithunzi zimatembenuka: filimu ikaperewedwa kuwala mumangopeza matope, pomwe RAW ya kamera ya masiku ano, fayilo yosunga zonse zimene sensa yalemba, mumaikoka mithunzi n'kupezamo nkhope.

Chondiseketsa ndi chakuti kamera yoyamba ya digito inapangidwira ku Kodak komweko. Injiniya wawo Steven Sasson anailumikiza mu 1975, yolemera makilogalamu opitirira atatu, chithunzi chake cha madontho 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, ndipo imatenga masekondi 23 kuti ichilembe pa tepi ya kaseti. Mu Januwale 2012 kampani yomweyo inapita kukhoti kukapempha chitetezo chifukwa cha ngongole.

Mwai ku Joni: Koma Kodak siinafe, aphunzitsi. Ikupangabe filimu ku Rochester, ndipo filimu yake ya Ektachrome imene anaisiya anaibweretsanso mu 2018. Kampani ya Ilford ikupangabe filimu yopanda mtundu ya HP5 ndi anzake ku England. Leica inayambiranso kupanga kamera yake ya filimu ya M6 mu 2022, Pentax inatulutsa kamera yatsopano ya filimu mu 2024, Pentax 17, imene imadula felemu pakati kuti filimu ya 36 ikupatseni zithunzi 72. Makampani sataya ndalama pa chinthu chopanda ogula. Kuno ku Johannesburg ndi ku Cape Town malo otsukira alipo, ndipo odzazamo si madala ayi, ndi ana a zaka za m'ma 20.

Za kuwala zija ndikuchitira umboni. Filimu ya mitundu ya Portra 400 ndimaipatsa dala kuwala koposa muyezo, sitopu imodzi ngakhale ziwiri (sitopu imodzi ndi kuchulukitsa kuwala kawiri), imatuluka yosalala bwino. Yesani zimenezo pa JPEG, fayilo wamba ya chithunzi cha digito, muone thambo likusanduka pepala.

Chifundo wa Maukwati (Lilongwe): Ana a mabwana a ku Sandton amenewo. Tabwerani nayo Portra yanuyo m'tchalitchi cha kumudzi, mazenera ang'onoang'ono, malata akuda ndi utsi, magetsi athima, abusa akana fulashi pa nthawi ya malumbiro. Ine ndimangopotokola ISO, nambala yosonyeza mmene kamera imamvera kuwala, kufika 6400 n'kupitiriza. Inu muli ndi 400 m'kamera, ndipo simungaisinthe mpaka filimu ithe. Mukatuluka panja dzuwa lili phwee, ine ndabwerera pa 100 m'sekondi imodzi.

Mwai ku Joni: Alipo mafilimu ojambulira pa kuwala kochepa, Delta 3200 ndi T-Max P3200.

Chifundo wa Maukwati (Lilongwe): Zopanda mtundu zonsezo. Kauzeni apongozi kuti nsalu ya yunifolomu imene anakangana miyezi itatu posankha yatuluka yotuwa, timadontho tili mbwee.

Anaphiri ku Leeds: Pepani ndilowerere. Mukamatamanda mitundu ya filimu, muzikumbukanso kuti filimu ya mitundu sinapangidwe poganizira khungu lathu. Malo otsukira zithunzi ankatchera makina awo poyang'ana khadi la Kodak lokhala ndi mzimayi wachizungu, limene linkatchedwa Shirley card. Khungu lake likaoneka bwino, ndiye kuti makina ali bwino, basi. Mayi wina wofufuza wa ku Canada, Lorna Roth, analemba kuti ena mwa amene anakakamiza Kodak kukonza mitundu yoderapo anali ogulitsa mipando ya matabwa ndi ogulitsa chokoleti, chifukwa katundu wawo sankasiyanitsika bwino pa zithunzi zotsatsira malonda. Khadi lokhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana linabwera m'ma 1990.

Tsegulani alubamu ya kwanu muone. Zithunzi zingati zomwe mukuona mano ndi maso okha, nkhope yonse ili bii? Ine za ku sekondale zanga theka zili choncho. Chikondi chathu pa filimu chisatiiwalitse zimenezo.

Agogo a Yashica (Ntcheu): Anaphiri mwanena zoona, koma mlandu wina unali wa ojambula. Mita yoyezera kuwala ya m'kamera ikaona diresi loyera kapena khoma lopaka laimu imanamizika kuti kwawala kwambiri, n'kukuuza kuti utseke. Ukaimvera, diresi lituluka bwino, mwini wake wasowa. Ine ndinkayandikira n'kuyeza kuwala pa tsaya la munthuyo, kapena kungotsegula sitopu imodzi kuposa zomwe singano ikunena. Ndipo sindinkajambula munthu masana dzuwa lili paliwombo. Ndimamuika pansi pa mtengo wa mango, kumphepete kwa mthunzi, nkhope itayang'ana kowala. Vuto lina linali kotsukira. Mnyamata wa pa makina akakhala waulesi amangosiya makina asankhe okha, ndiye ndinkaima pambali pake n'kumamuuza kuti ichi walitsa.

Anaphiri ku Leeds: Ndiye kuti munkagwira ntchito kawiri kuti mukonze chinthu chimene anzanu a kuno ankachipeza chokonzakonza.

Aphunzitsi a Sayansi (Mzuzu): Zoona. Koma onaninso ntchito ya Seydou Keïta ndi Malick Sidibé a ku Bamako, m'dziko la Mali. Filimu yopanda mtundu, anthu akuda bii, koma khungu likuwala mpaka mumaona ulusi wa nsalu ndi thukuta la pamphumi. Sidibé analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice mu 2007. Ndipo digito nayo siyoyera m'manja pa nkhaniyi. Mafoni ena amayeretsa nkhope mwadala mpaka munthu kuoneka ngati wadzola ufa. Google inachita kulengeza mu 2021, potulutsa Pixel 6, kuti yakonza kamera yake kuti izijambula bwino khungu lakuda. Chinthu chimene sichinali cholakwika sachikonza.

Tiyamike (Zomba): Eee, ndinangofunsa za kamera koma ndalowa m'kalasi. Pitirizani, ndikulemba.

Mayi a Dalitso (Kasungu): Ine sindine wojambula, ndinalowa muno pofuna munthu wojambula chinkhoswe cha mng'ono wanga, ndiye ndinangokhalamo. Koma ndilankhule ngati kasitomala. Chithunzi cha agogo anga aakazi chilipo, chojambulidwa ine ndisanabadwe, chili m'chikwama cha mayi pamodzi ndi makhadi a sikelo. Zithunzi za mwana wanga woyamba, kuyambira tsiku lotuluka kuchipatala mpaka atayamba kuyenda, zinapita ndi foni imene anandisolola pokwera minibasi. Palibe ngakhale chimodzi. Za ukwati wanga anandipatsa pa CD, ndipo lero CD ija ikukana kutseguka, komanso laputopu ya bambo a Dalitso ilibe n'komwe polowetsa CD. Ndiye mukamati digito ndi yotchipa, ine ndimangoti chabwino.

Agogo a Yashica (Ntcheu): Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi. Ine manegetivu anga ndinasunga m'chitini cha mabisiketi, m'maenvulopu olembedwa mudzi ndi chaka. Mpaka lero anthu amabwera pakagwa maliro, amati agogo, bambo athu munawajambulapo, tikufuna choika pa bokosi. Ndimayang'anitsa negetivu kudzuwa mpaka ndiwapeze.

Mwai ku Joni: Nkhani ya Ernest Cole mukuidziwa? Wojambula wa kuno amene anajambula moyo wa anthu akuda pansi pa tsankho, n'kuthawa m'dziko mu 1966. Anamwalira ku New York mu 1990 anthu akuganiza kuti ntchito yake yambiri inatayika. Mu 2017 manegetivu ake pafupifupi 60,000 anapezeka m'banki ina ku Stockholm, ali bwinobwino. Tandiuzeni hard drive imene mungaitsekere m'kabati zaka 40 n'kudzaitsegula ikugwira.

Yamikani (Chilobwe): Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndiyankhe. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, matope ochokera m'phiri la Soche analowa m'nyumba mwathu. Ife tinapulumuka, tithokoze Mulungu, anzathu ambiri sanapulumuke. Maalubamu atatu a mayi anga tinawapeza atamatana, ukati utsegule nkhope zikutsalira pa pulasitiki. Zithunzi zomwe tili nazo lero ndi zomwe mlongo wanga anazijambulanso ndi foni chaka cham'mbuyo mwake n'kuzisunga pa Google Photos. Ndiye pepala ndi negetivu musazipembedze. Zili pamalo amodzi, ndipo madzi, moto ndi chiswe zimadziwa njira ya pamalopo.

Agogo a Yashica (Ntcheu): Pepani kwambiri mwana wanga. Pamenepo ndilibe mawu.

Aphunzitsi a Sayansi (Mzuzu): Pepani a Yamikani. Ndipo ngakhale popanda namondwe, nyengo yathu siikonda filimu. Kutentha ndi chinyezi zimabweretsa nkhungu pa negetivu, ndipo akale ena amayamba kununkha ngati viniga, chizindikiro chakuti pulasitiki yake ikuwola. Zithunzi za mitundu zimasuluka, n'chifukwa chake za m'ma 1980 zambiri zafiira. Zolimba kwambiri ndi zopanda mtundu, chifukwa chithunzicho ndi siliva weniweni osati utoto.

Digito ubwino wake ndi wakuti kope lachiwiri ndi lofanana ndendende ndi loyamba, ndipo mutha kuliika ku Mzuzu, ku Leeds ndi pa intaneti nthawi imodzi. Kuipa kwake ndi kwakuti imafuna woisamala chaka ndi chaka. Google Photos inasiya kusunga zaulere mopanda malire mu Juni 2021, tsopano ndi 15GB yogawana ndi Gmail. Mwini akaunti akamwalira osasiya pasiwedi, zapita. Mayi a Dalitso, pa chinkhoswe chija muwauze ojambula akupatseni mafayilo enieni, osati otumiza pa WhatsApp ngati chithunzi wamba chifukwa amawafinya. Azitumiza ngati document. Kenako musankhe makumi awiri kapena atatu mukapulintitse.

Chifundo wa Maukwati (Lilongwe): Apa ndiye ndikuvomereza, ndipo makasitomala ndimawachonderera. Amati alubamu yadula, tingotengako soft copy. Pakatha zaka ziwiri foni ija: "Achimwene, muli nazobe zija?" Ngati ine ndine nkhokwe ya dziko lonse.

Koma a Mwai ndili nanu funso. Filimu yanuyo mukatsukitsa mumatani nayo?

Mwai ku Joni: Amandisikanira n'kunditumizira mafayilo.

Chifundo wa Maukwati (Lilongwe): Ndiye mumaziika pa Instagram, ife n'kumaziona pa foni. Kkkkk. Mwazungulira ulendo wonsewo, mwalipira katatu, kuti mufike pa JPEG pomwe ine ndinayambira. Ndipo "mitundu ya filimu" mukuinyadirayo theka lake ndi zomwe wasankha mnyamata wa pa sikana.

Mwai ku Joni: Za sikana sindikana, malo awiri osiyana amakupatsa mitundu iwiri pa negetivu imodzi. Koma negetivu ndimatsala nayo m'manja. Ndipo ine pa ntchito ndimakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Loweruka sindifuna chinthu china chokhala ndi sikirini ndi menyu. Ndimafuna chitsulo chimene ndikadina chimalira kuti khwatsa, ndipo sindingayang'ane kumbuyo kwake kuti ndione ngati zatheka. Maso anga amakhala pa munthu amene ndikumujambula. Si nkhani yakuti chithunzi chake n'chakuthwa kuposa chanu. Kamera ya 24 megapixel imaiposa filimu ya mitundu ya 35mm pa kuthwa, zimenezo ndinavomera kale.

Anaphiri ku Leeds: Bola mwanena chilungamo. Ndi chisangalalo, ngati mmene ena amakondera magalimoto akale. Vuto limabwera pomuuza mwana wa sukulu wa ku Zomba kuti njira yophunzirira ndi imeneyo.

Aphunzitsi a Sayansi (Mzuzu): Pa kaphunziridwe ine ndili mbali ya digito, ngakhale agogo andikwiyire. Munthu amaphunzira msanga akaona cholakwa chake pompopompo. Wajambula shata ikutseguka kwa 1/30 ya sekondi, chagwedera, wakweza pa 1/250, chaima, waimvetsa shata tsiku lomwelo. Pa filimu yankho limabwera patatha mwezi, utaiwala kale zomwe unatchera, pokhapokha uzilemba m'kabuku. Fayilo ya digito imasunga yokha shata, aperture (kukula kwa bowo la lenzi) ndi ISO. Canon 600D kapena Nikon D3100 yakale ikukwanira. Muiike pa M, pomwe zonse mumatchera nokha, muzimitse zoonetsa chithunzi mukangojambula, mudzilamule kuti lero ndijambula 36 zokha.

Agogo a Yashica (Ntcheu): Sindikwiya aphunzitsi. Koma kudzilamula kumeneko ndikufuna ndidzakuone ndi maso anga. Munthu amasamala chinthu chikamamudya m'thumba. Mukamuuza mwana kuti 36 zokha pomwe akudziwa kuti khadi likhoza kunyamula 3,000, pofika chithunzi cha 20 wayamba kale kuwaza.

Tiyamike (Zomba): Nanga kutsuka ndekha kunyumba sizingatheke? Ndinaona pa YouTube wina akutsuka ndi khofi.

Mwai ku Joni: Zimatheka, pa filimu yopanda mtundu. Amaitcha caffenol: khofi wosungunula uja, washing soda ndi vitamin C. Washing soda, osati soda wophikira therere, ngakhale wa therereyo mukamuwotcha mu uvuni amasanduka washing soda. Koma khofiyo akulowa m'malo mwa developer yekha, fixer muyenera kugulabe. Mufunikanso kathanki kotsukira ndi chikwama chakuda cholowetsamo manja, chifukwa filimu imakulungidwa pa kawilo kake mumdima wa ndiweyani. Chipinda chamdima chonse sichifunika ngati simukupulinta. Mukaumitsa, negetivu mutha kuijambula ndi kamera ya digito kapena foni itaikidwa pa chinthu chowala, n'kuitembenuza pa kompyuta.

Ya mitundu ndi ina. Njira yake, C-41, imafuna mankhwala akhale pa madigiri 38 osasuntha, mukaphonya pang'ono mitundu yapotoka.

Aphunzitsi a Sayansi (Mzuzu): Yopanda mtundu nthawi zake zimawerengedwa pa madigiri 20. Ku Zomba mwezi wa Juni madzi a pampopi akhoza kukhala pafupi ndi pamenepo. Ku Nsanje kapena ku Karonga mu Novembala mufunika ayisi ndi thermometer, apo ayi developer amathamanga, negetivu n'kuda mopitirira. Ndipo fixer wogwiritsidwa kale ntchito amakhala ndi siliva wosungunuka, amene ndi poizoni ku nsomba ndi tizilombo ta m'madzi. Musamuthire m'ngalande yopita ku Likangala kapena pafupi ndi chitsime.

Agogo a Yashica (Ntcheu): Mdzukulu wanga Tiyamike, kamera ija usanapereke ndalama uichite izi. Tsegula kumbuyo, uloze kuwindo, udine pa liwiro lililonse la shata kuyambira 1 mpaka 1000. Pa 1 uzimva ikutsegula, kudikira, n'kutseka. Ikakakamira, yauma mafuta. Ukhudze tisiponji ta m'mphepete mwa chitseko, tikamamata chala ngati phula ndiye kuti tatha, kuwala kuzilowa. Lenzi uichotse, uunike ndi tochi ya foni, ukaona timizere ngati ukonde wa kangaude m'kati mwa galasi, imeneyo ndi nkhungu, utsitse mtengo kapena uisiye.

K1000 imagwira popanda batire, kabatire kake ndi ka mita yokha. Mita ikakhala yakufa usadandaule. Dzuwa likawala bwino ika bowo la lenzi pa f/16, shata pafupi ndi nambala ya ISO ya filimu yako, ya 100 uika 125. Kukachita mitambo tsegula f/8, pamthunzi f/5.6. Ife tinadyetsa mabanja ndi lamulo limeneli.

Mwai ku Joni: Ndiwonjezere kuti mita yake ilibe pozimitsira, imazima mukatseka lenzi ndi chivundikiro. Mukaisiya pululu batire limatha. Komanso lenzi ija siitayika ngakhale mutadzasamukira ku digito. Imalowa pa makamera a digito a Pentax mwachindunji, ndipo pa makamera a digito opanda kagalasi m'kati, a mirrorless, imangofuna adaputa yotchipa.

Chifundo wa Maukwati (Lilongwe): Apo ndiye mwanena zomveka. Achemwali, ngati mtengo wake ndi wa nzeru gulani chifukwa cha lenziyo, chitsulocho chikhale chapamwamba. Koma ndalama ya kamera yodyera musaikhudze. Ndipo Loweruka lina mukapezeka ku Lilongwe mudzandinyamulire chikwama pa ukwati, mudzaphunzira zambiri kuposa zomwe tikulemba muno.

Tiyamike (Zomba): Zikomo achimwene, ndikuimbirani. A Mwai, filimuyo ndingaipeze bwanji?

Mwai ku Joni: Ndikubwera mu Disembala, nditha kukutengerani HP5 ziwiri kapena zitatu ndi fixer wa ufa. Ena ofuna anene msanga ku inbox, osati tsiku lonyamuka.

Anaphiri ku Leeds: Ngati mukukwera ndege samalani ndi makina atsopano oyezera katundu, a CT aja. Kodak inachenjeza kuti amawononga filimu yosatsuka ngakhale itadutsamo kamodzi kokha. Muiike m'kapulasitiki koonekera, m'chikwama cha m'manja, muwapemphe aiyang'ane ndi manja. M'sutikesi yopita pansi pa ndege musayerekeze n'komwe.

Mwai ku Joni: Ndege ndi ya inu a mapaundi, Anaphiri. Ine ndi basi, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza.

Agogo a Yashica (Ntcheu): Ndiye mdani wako ndi kutentha kwa ku Tete. Usaiike m'katundu wa pansi kapena m'ngolo ya kumbuyo, mmene mumakhala ngati mu uvuni basi ikaima pa boda. Uikulunge m'thaulo, ikhale m'chikwama cha pamiyendo pako, kutali ndi windo. Ikafika, Tiyamike aiike m'furiji m'chitini chotseka bwino, ndipo tsiku lojambula aitulutse kukadali ola limodzi kapena awiri asanatsegule, kuti isachite thukuta.

Yamikani (Chilobwe): A Mwai, ine ndiwerengereni imodzi. Agogo, manegetivu a m'chitini aja mungalole ndibwere ndi kamera ndidzawajambule onse tiwasunge pawiri? Ku Ntcheu ndimadutsako popita ku Lilongwe.

Agogo a Yashica (Ntcheu): Bwera, koma ubwere ndi nthawi, zitini zake ndi zinayi. Ndipo usambe m'manja, negetivu timagwira m'mphepete.

Chifundo wa Maukwati (Lilongwe): A Yamikani mutenge lenzi ya macro, yojambulira pafupi kwambiri, ndi thirayipodi yoimikapo kamera, ndi manja simumaliza. Yanga ya 100mm ndikhoza kukubwerekani pakati pa sabata, koma Lachisanu madzulo ikhale itabwera, ndili ndi ukwati ku Area 25.